BAMBO SUNIL DUTT, MWAMUNA AMENE SADATHAWE MOTO

Amayi anzanga ndi inu nonse a pabanja, m'munsi mwa phiri lathu la Zomba muli malo atatu amene munthu sapitako akuseka. Malowa ndiwo Chipatala Chachikulu, chipatala cha odwala matenda a maganizo, ndi Ndende Yaikulu. Ambiri a ife tidaimapo pa zipata zimenezi, mbale ya nsima titamanga m'kansalu, kudikira kuti nthawi yoona abale ikwane. Ndipo amene adaimapo adzandivomereza kuti pa mzere paja ochuluka amakhala amayi. Abambo amachita kuwerengeka.

Tsono lero ndifuna tikumbukire bambo wina wa ku India amene adayenda njira zitatu zonsezi ndi miyendo yake. Adadwazika mkazi wake kufikira imfa, adafunira mwana wake chithandizo pamene mankhwala ozunguza bongo adamugwira, ndipo adakaima pa chipata cha ndende pamene mwana yemweyo adamangidwa. Dzina lawo ndi Bambo Sunil Dutt. Iwo adali katswiri wa mafilimu a chiyankhulo cha Chihindi, aja timangowatcha kuti mafilimu a Chimwenye, okhala ndi nyimbo ndi magule ambiri. Ankasewera m'mafilimumo, ndiponso ena ankawakonza ndi kuwatsogolera okha. Adamwalira m'chaka cha 2005, koma mbiri yawo ili ndi phunziro kwa ife ndi kwa amuna athu.

UBWANA WAWO

A Dutt adabadwa pa 6 Juni 1929 m'mudzi wa Khurd, m'boma la Jhelum, m'chigawo cha Punjab. Dzina lawo la kubadwa lidali Balraj. Nthawi imeneyo dziko la India lidali m'manja mwa Angerezi monga m'mene lidalili lathu lino. Banja lawo lidali la chipembedzo cha Chihindu, koma anansi awo ambiri adali Asilamu, ndipo ankakhala bwinobwino. Balraj ali ndi zaka 5 zokha bambo ake adamwalira, kotero kuti adaleredwa ndi mayi ake, mayi wamasiye.

M'mwezi wa Ogasiti 1947 Angerezi adachoka, koma pochokapo dzikolo lidagawidwa pawiri. Mbali ina idakhala India, ina idakhala Pakistan, dziko la Asilamu. Malire adadutsa pakati pa Punjab, ndipo mudzi wa Khurd udagwera ku Pakistan. Apa mpamene padabuka chipolowe choopsa. Anthu amene dzulo ankapemphana moto ndi mchere adayamba kuphana chifukwa cha chipembedzo. Anthu oposa 10 miliyoni adathawa m'midzi yawo, Ahindu ndi Asikh kulowera ku India, Asilamu kulowera ku Pakistan, ndipo zikwi mazanamazana adafera m'njira.

Banja la a Dutt likadatha nthawi imeneyo pakadapanda munthu wina dzina lake Yakub. Ameneyu adali Msilamu, bwenzi la malemu bambo awo. Iye adateteza banja lonselo kufikira lidapeza mpata wothawa. Balraj adali ndi zaka 18, msinkhu woti munthu saiwala zimene waona. Adataya mudzi, nyumba ndi minda, koma adanyamula chinthu chimodzi mumtima: kuti amene adapulumutsa mayi ake adali munthu wa chipembedzo china. Zonse zimene adadzachita pambuyo pake zimamveka bwino tikakumbukira zimenezi.

KU BOMBAY

Banjalo lidakakhazikika pa mudzi wina m'mphepete mwa mtsinje wa Yamuna. Mnyamatayo adakhalako ku Lucknow, kenaka adapita ku Bombay, mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja umene tsopano ukutchedwa Mumbai. Kumeneko adalowa sukulu ya ukachenjede ya Jai Hind College. Popeza ndalama padalibe, ankagwiranso ntchito ku kampani ya mabasi a mumzindamo kuti apeze ya sukulu ndi ya chakudya.

Mwayi wake udadzera m'mawu. Adali ndi mawu abwino, choncho adalembedwa kuti azicheza ndi akatswiri a mafilimu pa pologalamu ya Chihindi ya wailesi ya Radio Ceylon, imene inkamveka ku India konse. Pa ntchito imeneyi mpamene mkulu wina wokonza mafilimu, Bambo Ramesh Saigal, adamuona ndi kumupatsa malo mu filimu yotchedwa Railway Platform, imene idatuluka m'chaka cha 1955. Koma kudali kale katswiri wina wotchuka, Bambo Balraj Sahni, ndipo poopa kuti anthu angamasokoneze, mnyamatayo adapatsidwa dzina latsopano loti Sunil.

MOTO WA KU GUJARAT

Filimu imene idawatchukitsa ndi Mother India ya m'chaka cha 1957, yokonzedwa ndi Bambo Mehboob Khan. Nkhani yake mayi aliyense wa kumudzi angaimve popanda womasulira. Mayi wina, Radha, akwatiwa pa banja limene lidakongola ndalama za ukwati kwa munthu wa katapila. Chaka ndi chaka wakatapilayo amatenga magawo atatu mwa magawo anayi a zokolola, koma ngongole siitha. Mwamuna wa Radha aphwanyidwa manja ndi chimwala kumunda, ndipo chifukwa cha manyazi athawa pakhomo osabweranso. Madzi osefukira akokolola mudzi, ana ena amwalira, koma mayiyo alimbika kulera ana aamuna awiri otsala. Mmodzi akula wofatsa. Winayo, Birju, akula ndi mkwiyo, asanduka chigawenga, apha wakatapila uja ndi kuba mwana wake wamkazi pa tsiku la ukwati. Pofuna kupulumutsa mtsikanayo, Radha awombera mwana wake yemwe ndi mfuti.

A Dutt adasewera ngati Birju. Amene adasewera ngati mayi wake adali Mayi Nargis, amene nthawi imeneyo adali kale wotchuka kwambiri ku India. Chodabwitsa nchakuti awiriwa adali a chaka chimodzi. Mayi Nargis adabadwa pa 1 Juni 1929, kutsogola ndi masiku asanu okha.

Tsiku lina m'chaka cha 1957, akujambula filimuyi ku dera la Gujarat, adayatsa milu ya udzu kuti ioneke ngati moto wa m'nkhaniyo. Mphepo idatembenuka, moto udakula, ndipo Mayi Nargis adatsekerezedwa pakati. Uwu sudalinso moto wa sewero ayi. A Dutt adatenga bulangete, nalowa m'malawimo, nawatulutsa. Iwo eni adapsa kwambiri ndipo adagona masiku ambiri akumva ululu. Amene adawadwazika adali Mayi Nargis. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo apa mwambiwu udachitikadi monga m'mene umanenera.

Chikondi chawo chidayambira pa mphasa ya matenda imeneyo. Koma zopinga zidalipo. Mwamuna adali Mhindu, mkazi adaleredwa m'Chisilamu. Mkazi adali wotchuka ndi wachuma, mwamuna adali wongoyamba kumene. Komanso dziko lonse linkadziwa kuti kwa zaka zambiri Mayi Nargis adali pa chibwenzi ndi katswiri wina, Bambo Raj Kapoor, amene adali ndi banja lake ndipo sadalisiye. Amuna ambiri akadamvera zokamba anthu. A Dutt sadawerengere mkaziyo zakale. Adakwatirana mwakachetechete pa 11 Malichi 1958, ndipo adabereka ana atatu: Sanjay m'chaka cha 1959, kenaka Namrata ndi Priya.

Filimu ya Mother India idaonetsedwa m'maiko ambiri, ndipo idakhala yoyamba ya ku India kulowa m'gulu la mafilimu opikisana pa mphoto yaikulu ya Oscar ku America.

NTCHITO YAWO YA MAFILIMU

Kuyambira pamenepo a Dutt adasewera m'mafilimu ambirimbiri, ndipo ambiri mwa iwo ankakhudza zinthu zimene anthu ankaopa kuzikamba poyera. Mu Sadhna ya 1958 adasewera ngati mphunzitsi amene akwatira mkazi woyendayenda wofuna kusintha moyo wake. Mu Sujata ya 1959 adasewera ngati mnyamata wa banja lapamwamba amene akonda mtsikana wa mtundu wonyozeka. Tidziwe kuti ku India anthu adagawidwa m'magulu malinga ndi kubadwa kwawo, ndipo a gulu lapansi ankayesedwa odetsedwa, osayenera ngakhale kukhudzidwa. M'nkhaniyo mayi amene adalera mtsikanayo, koma osamuyesa mwana wake weniweni, avulala, ndipo magazi amene amupulumutsa ndi a mtsikana wonyozekayo.

M'chaka cha 1963 adatulutsa Mujhe Jeene Do kudzera m'kampani yawoyawo ya Ajanta Arts. Iyi ndi nkhani ya chigawenga chimene chifewa mtima chitakhala ndi mkazi ndi mwana. Pa filimu imeneyi adalandira mphoto ya Filmfare ya wosewera bwino koposa, ndipo adailandiranso pa filimu ya Khandan ya 1965, m'mene adasewera ngati munthu wopuwala dzanja. Sikuti ankangoliritsa anthu ayi. Mu Padosan ya 1968 adaseketsa dziko lonse posewera ngati mnyamata wopusa amene afuna kukopa mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, namangoyendetsa milomo pa zenera pamene mnzake wobisala kumbuyo ndiye akuyimba. Chaka chomwecho boma la India lidawapatsa ulemu wa Padma Shri.

Filimu yoyamba imene adatsogolera okha ndi Yaadein ya 1964, dzina lotanthauza zikumbutso. Iyi njachilendo, pakuti munthu wooneka m'menemo ndi mmodzi yekha, a Dutt eni ake. Mwamuna afika kunyumba usiku napeza muli zii, mkazi ndi ana kulibe. Ayendayenda m'zipinda, nayamba kukumbukira m'mene ankazunzira mkazi wake ndi m'mene ankamunyalanyazira. Anthu ena amangomveka mawu, ndipo Mayi Nargis amaoneka chithunzithunzi chokha kumapeto. Filimuyi idalembedwa m'buku la Guinness chifukwa cha kuchepa kwa osewera ake. Ine ndiona kuti abambo ambiri akadapindula kuionera, pakuti mpeni ukatayika mpamene mwini amadziwa kuti udali wakuthwa.

Koma ntchito imeneyi ili ngati ulimi, chaka china ukolola, chaka china ulira. M'chaka cha 1971 adatulutsa Reshma Aur Shera, nkhani ya mnyamata ndi mtsikana okondana ochokera m'mabanja odana. Adakaijambula ku chipululu cha Rajasthan, pa mchenga ndi ngamila, ndipo idadya ndalama zochuluka. M'menemo mudalinso mnyamata wina wosadziwika nthawi imeneyo, Amitabh Bachchan, amene adasewera ngati wosayankhula. Odziwa za mafilimu adaiyamikira, koma anthu sadapite kukaionera, ndipo a Dutt adatsala m'ngongole yaikulu. Sadathawe amene adawakongoza. Adabwerera kukasewera m'mafilimu a anthu ena, monga Heera ya 1973 ndi Nagin ya 1976, kufikira adaimanso pa miyendo yawo.

Iwo ndi mkazi wawo adayambitsanso gulu la oyimba ndi ochita zisudzo limene linkapita kumalire a dziko, kumapiri ozizira, kukasangalatsa asilikali okhala kutali ndi mabanja awo. Mayi Nargis adali atasiya mafilimu kuti alere ana, ndipo adadzipereka kuthandiza ana olumala.

MATENDA ALOWA M'NYUMBA

M'chaka cha 1980 Mayi Nargis adasankhidwa kukhala m'Nyumba ya Malamulo ya India. Chaka chomwecho adadwala, ndipo madokotala adapeza kuti ali ndi khansa ya kapamba. A Dutt adasiya ntchito zawo napita nawo ku chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York. Kumeneko adakhala miyezi yambiri. Mayiwo adachitidwa opaleshoni kangapo, ndipo nthawi ina adakomoka kwa masiku ambiri osadziwa kanthu. Mwamuna wawo sadachoke pambali pawo. Amene adagonapo pansi pa bedi la wodwala akudziwa kutalika kwa usiku woterewu.

Mayiwo adatsitsimuka ndipo adabwerera kwawo ku Bombay, koma matenda adali atapita patali. Adamwalira pa 3 Meyi 1981 ali ndi zaka 51. Ngakhale mwamuna wawo adali Mhindu, amene mwambo wawo ndi wotentha mtembo, iye adalemekeza chiyambi cha mkazi wake ndipo adamuika m'manda mwa mwambo wa Chisilamu.

Chomvetsa chisoni china nchakuti nthawi yomweyo a Dutt adali atangomaliza kutsogolera filimu ya Rocky, yoyamba ya mwana wawo Sanjay ngati wosewera wamkulu. Mayi ake ankafunitsitsa kudzaionera. Idaonetsedwa patangopita masiku ochepa maliro atachitika, ndipo m'holomo adasiya mpando umodzi wopanda munthu.

A Dutt sadakwatirenso. Chisoni chawo adachisandutsa ntchito. Adakhazikitsa bungwe la dzina la mkazi wawo lothandiza odwala khansa, ndipo ankayenda m'maiko kupempha ndalama zogulira zipangizo za m'zipatala. M'chaka cha 1982 adakonza filimu ya Dard Ka Rishta, yonena za banja lolimbana ndi khansa. Ku Barshi, tauni ya kumidzi m'chigawo cha Maharashtra, kuli chipatala cha khansa chotchedwa dzina la Mayi Nargis Dutt.

Apa nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Chipatala cha ku Barshi chimenechi chidatenga nawo mbali pa kafukufuku wamkulu wofuna njira zoyezera amayi akumidzi khansa ya khomo la chiberekero isanakule. Matenda amenewa ndiwo khansa imene imapha amayi ambiri kuno ku Malawi, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene vutoli ndi lalikulu koposa. Katemera woteteza atsikana ku kachirombo koyambitsa khansayi adayamba kuyesedwa m'maboma a Zomba ndi Rumphi m'chaka cha 2013, ndipo adafalikira dziko lonse m'chaka cha 2019. Khansa imene idatenga Mayi Nargis njovuta kuizindikira msanga, koma iyi ya khomo la chiberekero imaoneka poyeza ndipo imachizika ikapezeka msanga. Tisachite manyazi, amayi, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

ULENDO WA PANSI

M'chaka cha 1984 a Dutt adalowa ndale m'chipani cha Congress ndipo adasankhidwa kukhala phungu wa dera la kumpoto cha kumadzulo kwa Bombay. Anthu a dera limeneli adawasankha kasanu: mu 1984, 1989, 1991, 1999 ndi 2004.

Zaka zimenezo kwawo ku Punjab kudali kutavutanso. Kumeneko ndiko kwawo kwa Asikh, aja amuna awo amasunga ndevu ndi kumanga nduwira kumutu. Mtundu umenewu si wachilendo m'mbiri ya Zomba, pakuti Bwana Harry Johnston, amene adakhazikitsa boma la Angerezi kuno m'chaka cha 1891, adabwera ndi asilikali Achisikh ochokera ku India. Tsono ena mwa Asikh ankafuna dziko lawolawo ndipo adatenga zida. M'mwezi wa Juni 1984 asilikali a boma adalowa ndi mfuti m'kachisi wawo wamkulu ku Amritsar. Pa 31 Okutobala chaka chomwecho nduna yaikulu ya dzikolo, Mayi Indira Gandhi, adaphedwa ndi alonda awo Achisikh, ndipo pobwezera anthu adapha Asikh zikwi zingapo osalakwa, makamaka ku Delhi.

A Dutt adaona kuti za 1947 zikubwereranso. M'chaka cha 1987 adanyamuka wapansi kuchoka ku Bombay kupita ku Amritsar kukapempha mtendere, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Priya ndi anthu ena. Mtundawo ndi wa makilomita pafupifupi 2,000, ngati kuyenda kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre maulendo 30. Adayenda masiku 78 pa dzuwa loswa mtengo, ali ndi zaka 57. Mapazi adatuluka matuza, adadwala chikasu m'njira, ndipo ankadziwa kuti akhoza kuwomberedwa, koma adakafika ndi kulowa m'kachisimo. Ulendowo sudathetse nkhondo tsiku lomwelo ayi, pakuti kuphana kudapitirira zaka zina. Komabe Asikh adaona kuti Mhindu wotchuka wabwera kwa iwo wopanda chida m'manja. Chaka chotsatira adayendanso wapansi ku Japan, kuchoka ku Nagasaki kukafika ku Hiroshima, kutsutsa mabomba oopsa aja amene adawononga mizinda iwiriyi m'chaka cha 1945.

Filimu yotsiriza imene adatsogolera ndi Yeh Aag Kab Bujhegi ya 1991, dzina lofunsa kuti moto uwu udzazima liti. Ku India chuma cha ukwati chimachokera kuchikazi kupita kuchimuna, ndipo akazi ena amazunzidwa, ena kutenthedwa kumene, ngati akuchimuna aona kuti chumacho chachepa. Filimuyi idadzudzula mchitidwe umenewu.

MWANA WOVUTA

Chiyeso chachikulu cha bambo ameneyu chidali m'nyumba mwake momwe. Sanjay adayamba mankhwala ozunguza bongo akali mnyamata, mayi ake asanamwalire, ndipo maliro atachitika adalowereratu. Makolo ena akadabisa poopa manyazi, ena akadamupirikitsa pakhomo. A Dutt adamutengera ku zipatala, ndipo pomaliza adamutumiza ku America kumalo othandiza anthu otere. Mnyamatayo adachira, nabwerera ku ntchito, nakhala katswiri wotchuka.

Koma mavuto adali asanathe. Pa 6 Disembala 1992 gulu la Ahindu lidagumula mzikiti wakale mumzinda wa Ayodhya. Ku Bombay kudabuka chipolowe m'mwezi umenewo ndi mu Januwale 1993, ndipo anthu pafupifupi 900 adaphedwa, ambiri mwa iwo Asilamu. A Dutt adakumbukira Yakub. Ankalowa m'madera otenthedwa kukapereka chakudya ndi mankhwala osafunsa chipembedzo cha munthu. Chifukwa cha ichi ena adawatcha wogulitsa mtundu wake, ndipo banja lawo lidayamba kuopsezedwa.

Pa 12 Malichi 1993 mabomba adaphulika m'malo ambiri mumzindamo napha anthu 257. Apolisi pofufuza adapeza kuti Sanjay adalandira mfuti yoopsa kwa anthu ena okhudzidwa ndi chiwembucho. Adamangidwa mu Epulo 1993 pa bwalo la ndege. Iye adanena kuti mfutiyo adaitenga kuti ateteze banja. Adatuluka pa belo, koma adamangidwanso mu Julayi 1994 nakhala m'ndende kufikira Okutobala 1995.

Taganizani, amayi. Munthu amene adayenda masiku 78 kulalikira mtendere, tsopano mwana wake akutchedwa chigawenga m'nyuzipepala zonse. Anzake ambiri a ndale adamutalikira. Bamboyo sadanene kuti kusunga mfuti kudali kwabwino, komanso sadamukane mwana wake. Ankapita ku ndende ndi ku khoti kosalekeza. Adadzichepetsa mpaka kukapempha thandizo kwa Bambo Bal Thackeray, mtsogoleri wa chipani chimene iwo ankatsutsana nacho kwambiri. Pa zisankho za 1996 ndi 1998 sadaime nawo, chifukwa mtima wawo wonse udali pa mlandu wa mwanayo.

MASIKU OTSIRIZA

Patapita zaka 50 chithawireni, a Dutt adakachezanso ku mudzi wawo wa Khurd ku Pakistan, ndipo anthu a m'mudzimo adawalandira ngati mwana wawo wobwera kuchokera ku ulendo.

M'chaka cha 2003 adavomera kuseweranso mu filimu imodzi, Munna Bhai M.B.B.S., pamodzi ndi Sanjay. M'menemo adasewera ngati bambo waulemu amene mwana wake wamunamiza kuti ndi dokotala pamene ali chimbalangondo cha m'tauni. Kumapeto bambo ndi mwana akumbatirana, ndipo oonera amene ankadziwa mbiri ya awiriwa adalira, pozindikira kuti apa sewero ndi moyo zakumana.

Mu Meyi 2004 adasankhidwa kukhala nduna ya achinyamata ndi masewera m'boma la Bambo Manmohan Singh. Adagwira ntchitoyo chaka chimodzi chokha. Adamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwawo ku Bandra, mu Mumbai, pa 25 Meyi 2005, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 76. Mwana wawo Priya adasankhidwa kulowa m'malo mwawo ngati phungu wa deralo.

Mlandu wa Sanjay udaweruzidwa bambo ake atapita kale. M'chaka cha 2006 khoti lidapeza kuti iye sadali m'gulu la zigawenga zija, koma adali wolakwa posunga mfuti popanda chilolezo. Adakagwira ukaidi wake ndipo adatuluka mu Febuluwale 2016. Mawu amene bamboyo adawadikira zaka 12, oti mwana wake si chigawenga, sadawamve ndi makutu ake.

Amayi anzanga, mafilimu a Bambo Dutt akalipo ndipo ena a inu mudzawaona. Koma kusewera ngati munthu wabwino pamaso pa kamera nkosavuta, pakuti akamaliza kujambula munthu amavula zovalazo napita kwawo. Chimene chandichititsa kulemba mbiriyi nchakuti pamene moto udali weniweni, matenda enieni ndi ndende yeniyeni, bambo ameneyu adapezekapo. Adali ndi ndalama zimene ife tilibe, inde, koma kukhala pambali pa bedi la mkazi wako ndi kuima pa chipata cha ndende sikulira ndalama zambiri. Nkhaniyi muwawerengere amuna anu ndi ana anu aamuna madzulo ano. Ndipo tsiku lina mukamanga mbale ya nsima m'kansalu kupita ku chipatala kapena ku ndende, muwapemphe kuti anyamule ndiwo, mupitire limodzi.